Malalanje a amayi ndinadya ndine

Ndikukumbukira tsiku lake ndi nthawi yake yomwe. Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Julaye m'chaka cha 1996, nthawi itapitirira 9 koloko m'mawa ndi mphindi makumi awiri. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa wotchi ya abambo inkakhala pamsomali kumutu kwa bedi lawo, ndipo pamene ndinkawagwedeza kuti adzuke, maso anga anali pa wotchiyo, poti nkhope yawo ndinkaopa kuiyang'ana. Panja amayi anali atagwa pafupi ndi beseni lochapira, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pa anthu onse a pakhomopo ndine ndekha amene ndinkadziwa pamene zinthu zinasokonekera.

Kuti zimveke bwino, ndiyambire milungu isanu ndi iwiri m'mbuyo mwake.

Tinkakhala ku Joni, kudera la Etwatwa, mu mkhukhu, kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina Mzulu, a MaNkosi, amene ankagulitsa zipatso ndi tomato pageti pawo. Mkhukhuwo unali chipinda chimodzi chogawidwa pakati ndi nsalu. Abambo anali mlonda pa fakitale ina ku Springs. Ankachoka dzuwa likulowa n'kubwera kutacha, maso ali psuu. Ine ndi amayi tinali titawatsatira kuchokera kwathu ku Mwanza chaka chapitacho. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo ku Joni sanandilembetse chifukwa tinalibe mapepala. Ntchito yanga inali kutunga madzi pampopi wa anthu onse kumapeto kwa msewu, ndipo Chizulu ndinachitola kumeneko. Sindinkacheza ndi aliyense. Ndinkangoima pamzere ndi chigubu changa n'kumamvetsera akazi akukangana, ana akutukwanana, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti ndikumva zonse. Amayi iwo sankatuluka kawirikawiri. Ankadziwa moni ndi zikomo basi.

Pakati pa amayi patakula, kunabwera azakhali anga, mlongo wawo wamkulu wa abambo, kuchokera ku Ntcheu. Anabwera ndi chikwama cha usipa ndi zitenje zoti agulitse kwa Amalawi anzathu, koma chachikulu chinali kudzadikirira mlamu wawo mpaka achire. Ndisawanamizire, azakhali sanali munthu woipa. Anali mayi wamtali, wa mawu aakulu, woseka ndi mano onse. Atangofika anawalanda amayi ntchito zonse zolemera. M'mawa akatuluka n'kuona chisanu chitayeretsa malata, ankati, "Achimwene, dziko munasankhali ngakhale mfiti imavala juzi." Ine ankanditcha Nachete, chifukwa ankati chibwerere sanamvepo mawu anga kupatula ndikamatsokomola.

Amayi anayamba kumva chizungulire, ndipo abambo anati apite kusikelo. Poti iwo masana ankagona, anati ndipite nawo ine ndikamasulire. Azakhali sanakondwere nazo. Kwathu mwana wosavinidwa sayenera kumva nkhani za pakati, nanji kuzinena ndi pakamwa pake pamaso pa mayi ake. Koma panalibe wina woti n'kutumidwa.

"Tamvera iwe Nachete," anatero tili m'njira. "Kumeneko ukakhale ngati mpopi. Madzi azikangodutsa, iwe usakamwe. Zimene ukamve ukaziiwale tisanafike kunyumba."

Pakhomo pa kiliniki panali amayi ogulitsa malonda. Kunali kutayamba kuzizira, nyengo ya malalanje, ndipo anali mbwee paliponse, ena m'matumba ofiira aukonde aja, ena owunjikidwa pamakatoni limodzi ndi manachesi. Amayi anaima. Iwo anakulira pakati pa mitengo ya manachesi, ndipo ndinaona mmene anamezera malovu.

"Alamu, mtima wanga ukufuna nachesi limodzi lokha."

"Mukufuna muume ngati chikuni?" anatero azakhali akuwakoka dzanja. "Munthu wa chizungulire sadya zowawasa. Ndimu, lalanje, nachesi, onsewo ndi pachibale, ntchito yawo ndi kuumitsa magazi."

"Komatu kwathu timadya, ngakhale oyembekezera."

"N'chifukwa chake akazi a kwanu mphepo imawakankha. Tiyeni."

Anaseka, amayi nawonso anaseka pang'ono, n'kuzisiya. Munthu amene wasiya ana ake ndi munda wake kudzakusamalira sungalimbane naye pa nkhani ya nachesi.

Nesi amene tinamupeza anali wachikulire, wa magalasi, wotopa koma osati waukali. Anawayeza amayi, anakoka chikope chawo n'kuyang'ana mkati, anatembenuza zikhatho zawo, kenako anawabaya chala. Mafunso ena amene anafunsa sindingawalembe ngakhale lero. Ndinawamasulira nditayang'ana pansi, mawu akutuluka ngati a udzudzu. Pomaliza anati ndiwauze amayi kuti magazi awo ndi ochepa kwambiri, ndipo ngati sawonjezereka tsiku lochira lisanafike, moyo wawo ndi wa mwana uli pangozi. Zimenezi ndinanena. Anatulutsa kapaketi ka mapiritsi ang'onoang'ono ofiirira, nati azimwa limodzi tsiku lililonse, osadumphitsa. Zimenezinso ndinanena.

Kenako anaimirira n'kupita pa chithunzi cha zakudya chimene chinali pakhoma. Anaika chala pa lalanje, anachisunthira pa nachesi, n'kufika pa gwafa. Anandiyang'ana ine n'kuyankhula pang'onopang'ono, monga munthu wofuna kuti mwana asaphonye kanthu. Anati piritsilo azimwera madzi, n'kudya chimodzi mwa zipatso zimenezi nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi zimene zimathandiza thupi kulandira mankhwalawo. Anati asamamwere tiyi, tiyi amatsekereza. Anatchulanso nyemba, chiwindi ndi masamba obiriwira.

Ndisanatsegule pakamwa, azakhali anali atawomba kale m'manja.

"Mwaona alamu? Ndi zomwe zija ndimanena panja. Akuti musamadye zimenezo. Si choncho, Nachete?"

Onse atatu anandiyang'ana. Azakhali nkhope inali waliwali, poti nesi wa ku Joni wagwirizana nawo. Ndikanangonena kuti, "Iyayi, akuti azidya." Mawu atatu okha. Koma kunali kutsutsa munthu wamkulu pamaso pa mlendo, pa nkhani yoti ine sindinkayenera n'kuimva komwe. Lilime langa linalemera. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Nesi ataona azakhali akuloza lalanje akumwetulira, anaganiza kuti tamvana, ndipo anamwetulira nayenso. Ali mkati molemba pakhadi anawonjezera kuti mapiritsiwo amadetsa chimbudzi, chimatuluka chakuda, koma asachite mantha ndipo asaleke kumwa. Mawu amenewo ndinalephereratu kuwatulutsa. Ndikanayamba bwanji kuwauza amayi anga za chimbudzi chawo? Ndinangoti, "Akuti tibwerenso pakatha milungu iwiri." Zimenezo anali atanenadi.

Tsiku lomwelo azakhali anayamba nkhondo yawo yowonjezera magazi, ndipo anaimenya ndi mtima wonse. Nzeru yawo inali yoti chofiira chimabala chofiira. Kumudzi akanawiritsa masamba a mapeyala, amene madzi ake amafiira ngati magazi, koma ku Etwatwa sanaone mtengo wa mapeyala ngakhale umodzi. Ndiye anasankha maapozi ofiira. Obiriwira ankakana, achikasu ankakana. Ankafuna ofiira okhaokha, a kusitolo yaikulu ku Daveyton, amene ankawala ngati apakidwa mafuta. Kuti awapeze anagulitsa usipa wawo motchipa, ndipo chitenje china chimene ankasungira ukwati wa mwana wawo anachigulitsanso. Maapoziwo sankakwanira masiku onse. Ankawasunga m'kabati pansi pa mbale, n'kumadula limodzi pakati, theka lero, theka mawa, kenako masiku awiri opanda. Masiku opandawo amayi ankamwa chakumwa chofiira chosungunula ndi madzi, chimene chinkasiya utoto pamilomo, azakhali n'kumati, "Taonani, magazi ayamba kubwera."

Piritsi amayi ankamwa m'mawa, ndi tiyi wakuda wa masamba ambiri, chifukwa kunkazizira. Tiyiyo ndinkaphika ndine.

Chimene chimandipweteka ndikakumbukira n'chakuti malalanje anali pageti pathu penipeni, ndipo ndiwo anali otchipa kuposa chipatso china chilichonse m'nyengo imeneyo. Malalanje akatha m'thumba, a MaNkosi ankatipatsa thumbalo kuti tizikhulira m'thupi posamba, monga amachitira anthu a kuno. Thumba la malalanje linkalowa m'nyumba mwathu, malalanje ake ayi.

Tsiku lina ndikuchokera kumpopi, a MaNkosi anandiitana. Anali ataona amayi akupumira kawiri pakati pa chitseko ndi chingwe choyanikira zovala. Anandiikira malalanje asanu m'siketi, nati ndikawapatse amayi azidyera mapiritsi aja. Ndinalowa nawo ndikuganiza kuti mwina zikonzeka zokha popanda ine kunena kanthu. Azakhali anatuluka, ananyonyomala, anathokoza a MaNkosi m'Chichewa akuwomba m'manja, kenako anabwerera n'kutseka chitseko.

"Mtima ali nawo wabwino mayiyu, koma anthu a kuno sadziwa kusamala woyembekezera. Tenga iwe, ukadyere kuseri, mayi ako angamve fungo n'kuyamba kuvutika mtima."

Ndinakadyera kuseri kwa mkhukhu, pafupi ndi mulu wa phulusa la malasha. Ndikanakonda kulemba kuti ndinadya ndikulira, koma likhala bodza. Anali otsekemera, amadzi ambiri, ndipo ine ndinali mwana wozolowera buledi ndi tiyi. Ndinadya awiri pomwepo, atatu ndinabisa n'kumadya limodzi patsiku. Makoko ndinkakwirira m'phulusa. Madzulo a tsiku loyambalo amayi anandiitana kuti ndiwakande kumsana. Anagwira dzanja langa, analiika pamphuno pawo, nakhala choncho kanthawi atatseka maso.

Pasanathe milungu iwiri amayi analeka mapiritsi. Ndinkatsuka makapu kuseri kwa nsalu pamene ndinawamva akunong'oneza azakhali, mwamanyazi, zimene anaona kuchimbudzi.

"Zakuda?" anatero azakhali. "Alamu, amenewo ndi magazi opserera. Mankhwalawa akuwotcha timagazi tomwe tatsala. Bweretsani kuno."

Anaika kapaketiko m'chitini cha singano ndi ulusi pamwamba pa kabati. Ine ndinapitiriza kutsuka kapu imene inali itayera kale. Tsiku lobwerera kusikelo litafika, kunamveka kuti apolisi akufunsa mapepala pokwerera matekisi, ndipo abambo anati tidikire zizizire kaye. Zitazizira, amayi anati ulendowo ukuwatalikira, apita akapezako mphamvu.

Mphamvuzo sizinabwere. Mapazi anatupa, milomo inayera pansi pa utoto wa chakumwa chija, ndipo anayamba kutafuna dothi limene ankandituma kukagula kwa mayi wina kumsika. Akaweramira mphika, powerama ankagwira kaye khoma. Kamodzi kokha ndinayesa kunena. Azakhali ankapukuta apozi ndi chitenje, ine ndinaima pambali pawo nthawi yaitali.

"Azakhali, anesi aja..."

"Ee, Nachete wayankhula. Lero kugwa mvula. Anesi atani?"

"Anavala nsapato zoyera."

Anaseka mpaka kutsokomola, nandipatsa kachidutswa ka apozi.

Ndiye linafika Lachinayi lija. Azakhali anali atapita kukapereka usipa wotsala kwa munthu wina, abambo anali atagona. Amayi anati atsukuluzeko malaya awiri okha a abambo. Ndinawaona akuweramuka, dzanja limodzi likufufuza chogwira m'malere, kenako anagwa chammbali, beseni n'kutayika. Sanakuwe. Madzi a sopo anayenderera mpaka pansi pa tsaya lawo, ndipo pansalu yawo panayamba kuoneka magazi. Chimene ndinaganiza pomwepo n'chakuti magazi ochepa omwe aja akutayikanso.

Abambo anatuluka opanda nsapato. A MaNkosi anathamangira kwa bambo wina amene anali ndi kagalimoto konyamulira katundu. Azakhali anatulukira pamene ankawakweza, anataya thumba lawo pansi n'kukwera kumbuyo, mutu wa amayi n'kuuika pamiyendo pawo. Ine anandisiya. Abambo anati kuchipatala chachikulu si kwa ana, akadziyankhulira okha.

Tsiku lonse ndinakhala pageti ndi a MaNkosi, pambali pa mulu wa malalanje. Anandipatsa buledi, sindinadye. Dzuwa litapendeka anandifunsa ngati amayi ankadya malalanje aja. Ndinati eya.

Anabwera dzuwa likulowa, nthawi imene utsi wa mbaula za malasha umaphimba Etwatwa yense mpaka kuwawa m'maso. Anabwera awiri, abambo ndi azakhali. Azakhali anangoti, "Mayi ako alipo. Awathira magazi." Kenako anatsegula sutikesi, anatulutsa timalaya ndi tinsapato taubweya timene amayi ankaluka, anatikulunga m'chitenje n'kutiika pansi pa katundu wawo. Palibe amene anandiuza kuti mwana anabadwa atafa kale. Kwathu mwana wotero salilidwa, ndipo ana sauzidwa. Ndinadziwira timalaya tija.

Abambo anakhala pakireti n'kuyamba kuvala nsapato za kuntchito, poti ngakhale tsiku lotere fakitale siidikira munthu. Anamanga chingwe cha nsapato imodzi, nasiya inayo.

"Adokotala akuti sizinathe," anatero. "Akuti masiku awiri atatu akubwerawa ndi amene anene. Ndipo akatuluka, tikapitiriza mmene timachitiramu, tiwataya." Kenako anati, "Anesi andikalipira ngati mwana. Akuti pakhadi palembedwa kuti zonse anafotokoza. Akuti nanga munthuyu mapiritsi analekeranji."

"Amawawotcha m'mimba, achimwene," anatero azakhali. "Tikanapitiriza bwenzi zitaipa kalekale."

Abambo anatembenukira kwa ine n'kunditchula dzina langa lenileni.

"Esinati. Tsiku lija kusikelo, nesi ananena chiyani? Unene mmene ananenera."

Sindidziwa chimene chinamasula lilime langa. Mwina n'chifukwa chakuti kanali koyamba munthu kundifunsa funso limene yankho lake analibe kale. Ndinanena nditayang'ana nsapato yosamangayo. Ndinati nesi anati azidya lalanje, nachesi kapena gwafa tsiku lililonse pomwa piritsi. Ndinati tiyi anakaniza. Ndinati zakuda zija anachenjezeratu, anati si zoopsa, asaleke kumwa. Ndinati malalanje a MaNkosi anali a amayi, ndipo ndinadya ndine.

"Mwana uyu akunama," anatero azakhali. "Pajatu ndinakufunsa iwe. Ndinakufunsa pamaso pa nesi, unavomera."

"Ndinavomera."

"Nanga unavomereranji?"

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

Ndinkadikira khofi, ndipo ndikanalilandira mokondwa. Silinabwere. Azakhali anakhala pansi padothi lozizira, miyendo atatambasula ngati pamaliro. Patapita nthawi anati, osayang'ana aliyense, "Ine ndinagulitsa chitenje cha ukwati wa mwana wanga." Anabwerezanso kachiwiri, motsitsa mawu.

Abambo anamanga nsapato inayo, anavala chijasi. Pachitseko anaima.

"Achemwali, mawa mupite naye. Ine Chizulu changa n'cha kuntchito, theka la zimene amanena limandidutsa." Kenako anati kwa ine, "Mawa ukanene zonse, mwananga, ngakhale zochititsa manyazi. Ulemu wako uja watidyera munthu."

Anatuluka osandikhudza.

Amayi anakhala m'chipatala milungu iwiri ndipo anatuluka amoyo, koma sanaberekenso, ndipo mpaka lero akamakwera kachitunda amapumira panjira. Za tsiku lija sitinakambepo. Ine tsopano ndili ndi mwana wanga wa zaka ziwiri. Pamene ndinali ndi pakati pake ndinamufotokozera nesi wina nkhani yonseyi, n'kumufunsa ngati malalanje akanapulumutsa mwana uja. Anati sangadziwe. Anati mwina panali vuto linanso, ndiponso chachikulu chinali mapiritsi ndi kubwerera kusikelo, lalanje linali lothandizira chabe. Ndinamuthokoza. Koma sananditsimikizirenso kuti mwanayo sakanapulumuka, ndiye ine ndimangokhala pakati pamenepo.

Zimene ndinatolapo si zambiri, ndipo sindine wophunzira woti n'kulangiza anthu. Chipatso sindisankha chifukwa cha kufiira kwake kapena kuwala kwake, kapena chifukwa chakuti chili m'sitolo yaikulu. Ndimayang'ana chimene chili m'nyengo yake, chimene ndingathe kuchipeza lero, mawa ndi mkuja, osati kamodzi pamwezi. Kukazizira ndi malalanje, manachesi ndi magwafa. Kukatentha ndi mapichesi a m'mitengo ya m'mayadi muno, mavwende, ndi mango akatchipa. Nthochi zimapezeka chaka chonse. Apozi timadyanso, alibe mlandu, koma si mankhwala a magazi. Mwana wanga amadya chipatso chimodzi tsiku lililonse, ngakhale chaching'ono, ngakhale cha kabala pambali. Manyazi sanandichoke. Pamzere wa kusikelo ndimakhalabe kumapeto, ndipo nesi akandiyang'ana ndimayang'ana pansi. Koma ndikapanda kumva ndimapempha abwereze, ndipo apongozi anga akayamba za zowawasa ndimawayankha. Ndimawayankha nditagwada, koma ndimawayankha.

Lachisanu, m'mawa wotsatira tsiku limene amayi anagwa lija, ndinadzuka chisanu chisanasungunuke pamalata. Ndinakwera pakireti, ndinatsitsa chitini cha singano, ndinatulutsa kapaketi ka mapiritsi n'kukaika m'thumba la siketi. Kenako ndinagogoda kwa a MaNkosi n'kuwauza kuti dzulo ndinawanamiza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse zambiri, anangosankha malalanje anayi, akuwayeza kulemera m'manja, n'kundipatsa. Azakhali anawaona nditanyamula, anangotsogola kukakwera tekisi.

Amayi tinawapeza pabedi la kumapeto, atayezuka, kapaipi kali padzanja. Ndinawapatsa moni, kenako ndinatsatira nesi amene ankadutsa ndi thireyi n'kumugwira malaya. Ndinamuonetsa kapaketi ndi malalanje, ndinamupempha m'Chizulu kuti afotokoze zonse kuyambira pachiyambi, pang'onopang'ono, pamaso pa amayi ndi azakhali. Anadandaula kuti ali ndi ntchito yambiri, koma anabwera. Iye akanena pang'ono ankaima, ine n'kunena m'Chichewa, mokweza, mpaka odwala a pamabedi oyandikana anatembenuka. Ndinanena za piritsi, za madzi, za tiyi. Za chimbudzi chakuda ndinanena nditawayang'ana amayi kumaso. Nesi anati lalanje angayambe tsiku lomwelo ngati sakuchita nseru, ndipo ndinanenanso.

Atayamba kuchoka, azakhali, amene nthawi yonseyi anaima kumiyendo kwa bedi atapinda manja, anandikodola.

"Esinati, tamufunsa. Malalanje akatha nyengo yake, tiziwapatsa chiyani?"

Ndinamuthamangira nesi uja, ndipo ndinafunsa.